Thumba la Kakowa

Pa timu yonse panalibe amene ankawaitana ndi dzina lawo. Opalasa njinga, amakaniko, dalaivala wa basi, ngakhale bwana wa timu amene anali ndi imvi zambiri kuposa iwo, onse ankangoti Azakhali. Chinayambitsa n'chakuti katswiri wa timuyo, amene anthu anamupatsa dzina loti Kakowa chifukwa cha miyendo yake yayitali ndi yowonda, anali mwana wa mchimwene wawo. Iye akaitana azakhali ake enanso ankatsatira, mpaka dzinalo linawakanirira.

Azakhali anali mayi wamfupi, wa mapewa otakata, wosachulutsa mawu. Asanalowe za njinga anagwira ntchito yochapa pa hotela ina kwa zaka zambiri, m'chipinda chapansi chopanda mawindo, momwe nthunzi inkadontha kuchokera kudenga. Ukwati anaulawa koma sunawayanje, ndipo mwana wobereka okha Mulungu sanawapatse. Mchimwene wawo, amene ankayendetsa malole, atamwalira pa ngozi, mlamu wawo n'kukwatiwanso kutali, iwo anatenga mwanayo n'kumuyalira matiresi pafupi ndi bedi lawo. Anthu akawamvera chisoni ankayankha kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanji wa mchimwene wako.

Kakowa anayamba njinga ndi buledi. Ankanyamula makireti kuchokera ku bekale kupita ku magolosale a kumtunda kwa tauni, pa chinjinga cholemera chopanda magiya. Kenako anayamba kulowa timipikisano ta Loweruka. Tsiku lina anabwerako atatuwa, n'kugwera pakhomo asanatsegule chitseko. Azakhali anamuthira madzi kumaso, n'kumumwetsa tiyi wa shuga wambiri, ndipo pasanapite nthawi mnyamata anadzuka n'kuyamba kufotokoza mmene anawasiyira anzake pa chitunda. Apo ndi pamene anamudziwa mwana wawo. Miyendo anali nayo, mtima anali nawo, koma thupi lake linali ngati moto wa mapesi, woyaka msanga n'kuzimanso msanga. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse ankasinthana ntchito ndi mnzawo n'kukaima m'mphepete mwa msewu ndi botolo la tiyi, nthochi zili m'thumba la yunifolomu.

Timu yaikulu itabwera kudzamutenga, Kakowa anapempha chinthu chimodzi, chakuti azakhali ake apite nawo. Bwana wa timu poyamba anaseka. Koma timu ya njinga imachapa tsiku lililonse, ndipo ataona mmene mayiwo ankachotsera girisi pa malaya oyera, kuseka kunatha. Kusisita minofu anawaphunzitsa ndi bambo wina wamkulu thupi, wadazi, amene anapalasako njinga paunyamata wake. Iyeyu ankamutcha a Mafuta, chifukwa chilichonse chimene wagwira, kaya ndi kapu kaya ndi chitseko, chinkatsala chikuterera. Awiriwa anagwira ntchito limodzi zaka zambiri akunyozana ngati munthu ndi mlamu wake. A Mafuta ankati Azakhali amapempherera ngakhale masokosi, ndipo Azakhali ankati masokosi a a Mafuta pemphero lokha silingawathe.

Ntchito yawo inkayamba opalasa asanadzuke. M'thiraki ya timu munali makina ochapira, firiji ndi katebulo kachitsulo. Pamenepo ankadzaza mabotolo, kudula mpunga woumba ndi uchi m'timabanzi, kukulunga kalikonse m'pepala lonyezimira mosiya kangodya koti munthu atsegule ndi mano, n'kulongedza zonse m'matumba a nsalu a chingwe chachitali. Madzulo ankasisita miyendo, kenako kuchapa. Koma ntchito imene inawatchukitsa inali ya pamsewu.

Pa mpikisano wautali opalasa saima kuti adye. Pakati pa ulendo pamakhala malo amene matimu amaloledwa kupereka chakudya. Opalasawo amabwera ngati dzombe, mapewa akukhudzana, pa liwiro loti munthu woima amamva mphepo yawo kumaso. Wopereka amaima phazi limodzi pamsewu, n'kutambasula dzanja lamanja atagwira chingwe pamwamba, thumba likulendewera. Lamulo lake ndi limodzi: usasunthe. Usamuthamangire, usamulondole, usayese kumuthandiza. Wopalasayo ndiye amayeza ndi maso ali patali n'kudzakolowetsa mkono m'chingwe. Ukasuntha pang'ono thumba limagwa, ndipo tsoka likakula chingwe chimalowa m'masipoko a tayala lakutsogolo, anthu n'kugwerana mulu. Azakhali ankaima ngati mzati, duku loyera lili kumutu. Amatimu ena ankauza atsopano awo kuti apite akaonerere mayi wa duku loyera uja. Ndipo Kakowa, chiyambire cha timipikisano ta Loweruka, sanalandirepo thumba kwa munthu wina. Ankati pakati pa chipwirikiti chonsecho maso ake safuna malaya a timu, amangofuna duku.

Chaka china unafika mpikisano waukulu wa masabata atatu, umene tsiku lililonse limakhala ndi ulendo wake, nthawi za masiku onse n'kumaphatikizidwa, ndipo amene ali patsogolo amavala malaya apadera. Kakowa anali atamalizapo wachiwiri kangapo koma osaupambana. Atolankhani ankakangana za iye pa wailesi ndi pa kanema. Ena ankati wakula, mwayi wake unadutsa. Ena ankati mapiri a sabata yomaliza ndi ake, akangofika kumeneko ali bwino palibe womugwira. Onse ankagwirizana pa chimodzi, kuti akalephera chaka chino basi, chifukwa timu ina inali ndi mnyamata wa liwiro loopsa, amene a Mafuta ankangomutcha Mwana wa Dzulo. Mtolankhani wina anapeza Azakhali akuyanika malaya kuseri kwa thiraki n'kuwafunsa mmene akuonera mwayi wa mwana wawo. Iwo anangoti akadya bwino afika, n'kupitiriza kuyanika. Mtolankhaniyo anaganiza kuti akumuseka.

Chimene Azakhali sanauze munthu n'chakuti dzanja lawo lamanja linali litayamba kunjenjemera. Analiona koyamba kutchalitchi, miyezi ingapo mpikisano usanayambe, buku la nyimbo likugwedezeka mpaka mizere kusokonekera. Anati mwina ndi kuzizira. Kenako ulusi unayamba kukana kulowa pa singano. Likakhala pamwendo dzanjalo linkakhala phee, ngati la munthu wina aliyense, koma akangolitambasula linkayamba, pang'onopang'ono, ngati tsamba. Analipempherera. Anasiya tiyi wa masana. Silinamve.

Sabata yoyamba ya mpikisano, akupereka thumba kwa mmodzi wa opalasa othandiza Kakowa, thumbalo linalendewera uku ndi uku ndipo chingwe chinanyambita tayala. Wopalasayo anakhotera pakati pa msewu, anzake akumutukwana, koma sanagwe. Madzulo iye mwini ananena kuti inali mphepo. A Mafuta anadikira mpaka atatsala awiri m'thiraki.

"Azakhali, lero kunalibe mphepo."

"Mwayamba kuyeza mphepo tsopano? Ine ndimayesa ntchito yanu ndi mafuta."

"Tandipatsirani botolo ilo. Ayi, musayandikire. Tambasulani dzanja."

Azakhali anayang'ana botolo, n'kuyang'ana a Mafuta, ndipo sanalitole. A Mafuta anakhala pansi pa kireti n'kupukuta dazi lawo. Anawalangiza kuti akauze bwana. Azakhali anapempha kuti adikire mpikisano uthe. Anati bwana akamva adzawakweza basi yobwerera kunyumba, ndipo mwanayo, amene wadikira chaka chimenechi moyo wake wonse, adzayamba kuganiza za azakhali ake m'malo moganiza za msewu. A Mafuta anang'ung'udza kuti munthu wa mpingo sayenera kuphunzitsa mnzake kubisa zinthu, koma anavomera.

Masiku otsatira Azakhali anapeza kanjira kawo. Ankapinda mkono n'kukanikiza chigongono m'nthiti kuti dzanja lisapeze mpata, ndipo matumba ankatengedwa, ngakhale opalasa ankayenera kudutsa pafupi kwambiri ndi m'mphepete. Mu sabata yachiwiri Kakowa anavala malaya a wotsogola. Atolankhani omwe aja ankati wakula anayamba kunena kuti nkhalamba idziwa njira.

Kenako linafika tsiku lolemera kuposa onse, la mapiri otsatizana. Malo operekera chakudya anali m'chigwa, pamene msewu umangotha kutsetsereka ndipo njinga zimafika zikuuluka. M'mawa umenewo Azakhali analephera kufikitsa kapu pakamwa osataya. Anayang'ana madontho a tiyi pa epuloni yawo, ndipo m'maganizo anaona chingwe chikulowa m'tayala la mwana wa mchimwene wawo, malaya apadera aja akukhulika pa phula. Akulongedza matumba m'galimoto anauza a Mafuta kuti lero oima pamsewu akhale a Mafutawo.

Apa m'pamene panalowa chizolowezi cha timuyo. M'mawa wa tsiku lolemera palibe amene ankauza Kakowa chinthu chatsopano. Ankadya pakona yekha, ena akuyenda monyang'ama, ndipo nkhani iliyonse, yabwino kaya yoipa, inkadikira madzulo. Ankati m'mawa wa Kakowa ndi madzi a pachitsime, savundula. Ngakhale bwana ankalemekeza zimenezi. Choncho Kakowa atadutsa pafupi ndi galimoto akukankha njinga yake, Azakhali anangomukonza kolala monga mwa masiku onse, ndipo a Mafuta anayang'ana kumbali. A Mafuta anafunsa ngati sangaimbire bwana kuti amuuze Kakowa pa kawailesi ka m'khutu. Koma kuuza bwana kunali kuulula zonse. Anatonthozana kuti palibe vuto, malaya a timu Kakowa amawadziwa, ndipo munthu wa thupi ngati a Mafuta ngakhale wakhungu sangamuphonye.

Anafika m'chigwamo nthawi ilipo n'kuyatsa wailesi ya m'galimoto. Nkhani sizinali zabwino. Mwana wa Dzulo anali atawathawa anzake pa phiri loyamba lenilenilo, nthawi imene aliyense ankayesa kuti kudakali m'mawa. Kakowa anamutsatira ndi kagulu kochepa. Omuthandiza onse anatsalira, ndipo galimoto ya bwana inatsekeredwa kumbuyo pa msewu wopapatiza. Azakhali anadziwa tanthauzo lake asanamalize kumva. Zimene anamuikira m'matumba a malaya anali atazidya kale, panalibe womubweretsera zina, ndipo kutsogolo kunali mapiri. Thumba limeneli ndilo linali chiyembekezo chake.

A Mafuta anaima pamsewu, dzanja gwa. Azakhali anabwerera kumbuyo kwa anthu oonerera n'kutsamira mpanda wa nyumba ina, manja atawabisa m'epuloni. Zinadutsa njinga zamoto za apolisi, kenako kagulu kaja kanatulukira pakona. Azakhali anamuona Kakowa ali patali, malaya ake akuwala. Anali atadzutsa mutu. Maso ake ankayenda pamzere wa opereka zakudya, uku ndi uku, ngati mwana wotayika pamsika. A Mafuta anamuitana ndi mawu onse, koma paphokoso la mabelu ndi malipenga a oonerera liwu lawo linali ngati la wina aliyense. Kakowa anawadutsa pafupi moti thumba linamukhudza paphewa. Atapitirira pang'ono ndi pamene analiona duku, kuseri kwa mitu ya anthu, ndipo dzanja lake linatambasuka lokha, monga linazolowera, n'kugwira mphepo. Kenako anali atapita.

A Mafuta anatsala ndi thumba m'manja. Azakhali anatuluka kumbuyo kwa anthu. Onse awiri anathamangira m'galimoto, chifukwa pa phiri lomaliza panali malo ena amene matimu ankaloledwa kupereka mabotolo, ndipo panali kamsewu ka m'minda kodulira kumeneko. A Mafuta ankayendetsa ngati akuthawa moto, akudzitukwana okha kuti zaka zonsezi pa njinga akanayenera kudziwa kuti munthu wotopa saganiza, amangochita chimene thupi linazolowera. Wailesi inkanena kuti Kakowa akadali ndi anzake, kenako inati akuoneka akupempha chakudya kwa opalasa a matimu ena, ndipo wina wamupatsa botolo la madzi otsala pang'ono. Azakhali anafumbata thumba pamiyendo. Anayesa kupemphera koma mawu sanabwere, anangotchula dzina la Ambuye mobwerezabwereza, ndipo pakati pake ankaona mnyamata wotuwa uja atagona pakhomo pawo.

Pa phirilo msewu unali woimirira, anthu atadzaza mbali zonse. Woyamba kufika anali Mwana wa Dzulo, yekha, pakamwa potseka ngati akupita kukagula mchere. Anadutsa ena awiri. Kenako panakhala kanthawi kamene Azakhali anakamva ngati chaka. Kakowa anatulukira akuyenda mokhotakhota, nkhope itachita phulusa, mchere utauma m'milomo, mutu uli pansi. Anthu ankamuombera m'manja momumvera chisoni.

Azakhali anatenga thumba n'kuponda pamsewu. Atatambasula dzanja, linagwedezeka kuposa tsiku lina lililonse, mabotolo akugundana m'katimo.

"A Mafuta, gwirani chigongono."

A Mafuta anaima kumbuyo kwawo, dzanja limodzi pa chigongono lina pa mkono, n'kufinya mpaka kupweteka. Thumba linaima. Kakowa anadzutsa maso, analiona duku, n'kudula msewu kulunjika pamenepo. Pa chitunda chotero njinga inkangokwawa, ndipo anatenga thumbalo ngati akulandira m'manja mwa munthu pakhomo. Asanalikolowetse bwino m'khosi anali atang'amba kale pepala ndi mano.

Chakudya sichigwira ntchito nthawi yomweyo. Anavutikabe theka la phirilo, kenako miyendo inabwerera, ndipo chakumapeto anagwira ena mwa amene anamudutsa. Koma malaya anapita kwa Mwana wa Dzulo. Kakowa anatsalira ndi nthawi yochepa, yosakwana kumwera kapu ya tiyi, koma pa mpikisano wotere nthawi imeneyo ndi mtunda. Atolankhani anabwerera ku nyimbo yawo yakale. Atamufunsa chimene chachitika, iye anangoti miyendo inakana.

Dzuwa likupendeka, anagona chafufumimba pa tebulo losisitira, m'chipinda cha hotela chimene mabedi ake anali atakankhidwira kukhoma. Ankadya mpunga m'kambale kamene anaika pampando, pansi pa nkhope yake. Azakhali anapaka mafuta m'manja n'kuyamba ndi akatumba a mwendo wamanzere. Anafotokoza zonse ali kumbuyo kwake, pakuti zinali zosavuta kuuza msana kusiyana ndi nkhope: za buku la nyimbo, za singano, za mphepo imene kunalibe, za kapu ya m'mawa. Kakowa anamvetsera osasiya kutafuna.

"Za dzanjalo ndinadziwa kale, Azakhali. Miyendo yangayi ndi imene inayamba kumva."

Manja a Azakhali anaima. "Nanga bwanji sunanene, mwana iwe?"

"Inu bwanji simunanene? Ndinkaopa kuti ndikangotchula mulongedza chikwama. Ndimakudziwani."

Anaulula kuti masiku onsewa ankadutsa dala m'mphepete mwenimweni, tayala likukhudza miyala, kuti dzanjalo lisavutike kutambasuka. Azakhali anamumenya kambama pa katumba n'kumuuza kuti ndi chitsiru ngati bambo ake, amene ankayendetsa lole yopanda mabuleki poopa kukhumudwitsa makaniko. Kakowa anaseka, kenako kuseka kunatha. Anatembenuza mutu n'kuwayang'ana ndi diso limodzi.

"Koma mukanandiuza m'mawa. Mawu awiri okha, akuti lero ndi a Mafuta. Ndikanatenga."

"M'mawa wako sitivundula."

"Anatero ndani?"

Azakhali anaganiza, n'kupeza kuti anatero ndi iwo omwe, kalekale, pamene ankaletsa ana a anansi kusewera pakhonde m'mawa wa timipikisano ta Loweruka. Atabwera ku timu anapitiriza, ena n'kutengera.

"Ine ndimakhala chete chifukwa nonse mumakhala chete," anatero Kakowa. "Ndimayesa mwina Azakhali akupemphera, ndisawasokoneze. Masiku ena ndimalakalaka wina atandiuza ngakhale za mpira."

Azakhali anakhala pamphepete pa bedi, manja amafuta ali pamiyendo, osadziwa kuti aseke kapena alire. Kenako anamuuza kuti pamsewu sadzaimanso. Kakowa anadzuka n'kukhala tsonga. Anati nanga mmene zachitikira pa phiri muja, a Mafuta atagwira chigongono, zavuta pati? Azakhali anayankha kuti izo zatheka chifukwa iye amakwawa ngati kamba. M'chigwa, pa liwiro lija, anthu awiri pa thumba limodzi ndi maliro, ndipo pamsewupo pamadutsanso ana a eni ake. Kakowa anayesa kuchonderera, anayesa kukwiya, koma mayi amene anamulera ankawadziwa. Anagonanso n'kupereka mwendo wamanja.

Chakudya chamadzulo chisanafike, Azakhali anakagogoda okha pachitseko cha bwana. Bwanayo anamva zonse ataima pawindo. Anakalipa, makamaka pa nkhani yosamuimbira, ndipo iwo sanadziteteze. Atamaliza anafunsa kuti ndani wanena za kubwerera kunyumba, popeza malaya sadzichapa okha. Dokotala wa timu analiona dzanjalo, n'kunena kuti matenda otere alipo ndipo mankhwala ochepetsa alipo, koma adzapite kuchipatala mpikisano ukatha.

M'mawa mwake linali tsiku lopuma. Alendo a pa hotelayo amene anasuzumira pamawindo anaona zodabwitsa pamalo oimika magalimoto: katswiri wa dziko lonse akuzungulirazungulira pa njinga ngati mwana amene angomugulira, ndipo ulendo uliwonse akukwatula thumba m'dzanja la bambo wadazi. Azakhali anali atakhala pa kireti, akulamula. Ankati a Mafuta akupinda mkono, akutsinzina, akutsamira kutsogolo ngati akupereka moni kwa apongozi. Ankati Kakowa akuyang'ana kolakwika, asiye kuyang'ana ku kireti. Amakaniko anasiya kutsuka njinga n'kuyamba kuonerera. Mmodzi anati chidule n'kungowamanga a Mafuta duku lija. Azakhali anati pa dazi loterera chotero duku silingakhale, ndiponso mwanayo ayenera kuphunzira kufuna munthu, osati nsalu. Thumba linagwa kangapo. Anapitiriza mpaka dzuwa litakwera, Kakowa akubwera mothamanga kwambiri ulendo uliwonse, mpaka Azakhali anasiya kupeza chonena.

Kuyambira tsiku limenelo m'mawa wa timuyo unasintha. A Mafuta ankakhala pa tebulo la Kakowa n'kumuuza za mpira, za mkazi wawo, za maloto awo, moti Kakowa anadandaula kwa Azakhali kuti mwina chete uja anali bwino. Pa masiku a msewu wosalala thumba linkatengedwa popanda vuto, koma amenewo sanali mayeso enieni. Panatsala tsiku limodzi la mapiri, lomaliza, ndipo nalonso malo ake operekera chakudya anali pansi pa mtsetse.

Tsiku limenelo Azakhali analongedza matumba monga mwa nthawi zonse, n'kuwapereka kwa a Mafuta pakhomo la thiraki. Galimoto itanyamuka popanda iwo, anaima pamenepo kwa kanthawi, osadziwa kochita ndi manja awo. Thiraki inawatengera kumalo omalizira. Kumeneko anayatsa makina ochapira ndi kakanema kamene kanali pamwamba pa firiji, n'kukhala pansi. Kwa nthawi yoyamba ankaona mpikisano monga amauonera anthu ena, kuchokera kumwamba, opalasa akuoneka ngati mikanda pa ulusi. Nthawi ya chakudya itakwana, a kanema m'malo moonetsa opalasa anaonetsa nyumba yakale ya pamwamba pa phiri ndi ng'ombe zikudya msipu. Azakhali anaimirira, anakhalanso pansi. Foni inalira m'thumba la epuloni, ndipo anavutika kuigwira.

"Watenga," anatero a Mafuta, akupuma mwawefuwefu. "Sanayang'ane n'komwe kwina. Wangobwera kwa ine."

Azakhali anathokoza n'kudula foni. Anagwada pakati pa firiji ndi makina ochapira n'kuyamika Mulungu, ndipo misozi imene inatsika sanaifunse ngati inali ya chimwemwe chokha.

Masana amenewo, pa phiri lomaliza, Kakowa anaimirira pa njinga n'kunyamuka. Mwana wa Dzulo anamutsatira kamodzi, kawiri, kachitatu anatsegula pakamwa n'kuyang'ana pansi. Pofika pamzere Kakowa anali atabweza nthawi yonse n'kuwonjezerapo, ndipo kutsogolo kunangotsala tsiku la msewu wosalala wolowa mumzinda. Kunja kwa thiraki amakaniko ankaimba mahutala ndi kukumbatirana. Azakhali anatulutsa zochapa m'makina n'kuyamba kuzikung'untha chimodzichimodzi.

A Mafuta anafika mochedwa, atapsa ndi dzuwa, chifuwa patsogolo. Anaima pakhomo la thiraki n'kufunsa ngati Azakhali amva kuti mpikisano wapambanidwa ndi dzanja la ndani. Anayamba kuonetsa mmene anaimira, phazi limodzi kutsogolo, mkono m'mwamba, atagwira thaulo m'malo mwa thumba. Azakhali anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kudazi.

"Chigongono mukupindabe," anatero, n'kuwapatsa dengu la malaya onyowa. "Kayanikeni awa, koma muyambe mwasamba m'manja."